Kiliniki yokonzekeretsa odwala opaleshoni: mmene inasamalira mtima wa bambo anga

Pa chipatala china cholipira mumzinda wa Blantyre pali kiliniki imene wodwala wolembedwa kuti adzachitidwe opaleshoni yosakhala yadzidzidzi amayenera kudutsapo kaye, kuti dokotala wogonetsa amuone tsiku lopita ku fiyeta lisanafike. Bambo anga anadutsa pa kiliniki imeneyi pamene ankadikira opaleshoni ya hernia, chotupa cha m'mphechepeche chimene chinkawasautsa akagwira khasu kapena akayenda mtunda wautali, ndipo ine ndinali gadiyani wawo mpaka pamene anatuluka mu wodi. Dzina la chipatalacho sindilitchula, popeza ndili ndi zoyamikira komanso zodandaula, ndipo zodandaulazo zikukhudza kayendetsedwe ka ntchito, osati munthu mmodzi. Maganizo anga ndi akuti kilinikiyi ndi yoyenera ndalama zimene imalipiritsa, makamaka kwa munthu wachikulire amene mtima wake sugunda mwadongosolo. Vuto lake n'lakuti ubwino wonse unasonkhana m'chipinda cha dokotala, moti wodwala akangotuluka pakhomo amatsala yekha ndi malangizo ovuta amene kuwalakwitsa kungamutayitse moyo.

Ntchito imayambira pa tebulo la anesi. Pa foni anali atatiuziratu kuti tibwere ndi mankhwala enieniwo amene bambo amamwa, osangobweretsa mayina, choncho tinafika ndi jumbo yodzaza mabotolo ndi timapepala ta mapiritsi. Anesi anakhuthulira zonse patebulo n'kumaona chimodzichimodzi, akufananiza ndi zolembedwa m'buku la kuchipatala. Munali metformin wa shuga, amlodipine ndi hydrochlorothiazide a BP, Brufen amene bambo ankagula okha mawondo akamawawa, komanso botolo la mankhwala azitsamba limene anapatsidwa ndi achibale. Pa botololo anesi sanawakalipire, anangowapempha mwaulemu kuti alisiye kaye mpaka opaleshoni itadutsa, popeza palibe angadziwe zimene zili mkatimo. Kenako, m'malo mongokhulupirira nambala yotuluka pa makina a BP, anagwira mtsempha wa pamkono wa bambo n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, maso ali pa wotchi. Atamaliza anandiitana nati, "Achimwene, taikani zala apa." Ndinamva kugunda kukubwera mothamanga, kenako kudukiza, kenako kuwiri motsatizana, kwina kwamphamvu kwina kofooka, popanda ndondomeko iliyonse. Bambo akhala akuyezedwa BP kwa zaka zambiri pa chipatala chaching'ono chakufupi ndi kwathu, koma nthawi zonse ndi makina a mabatire, ndipo panalibe amene anali atawagwirapo mtsempha motere.

ECG, chithunzi cha kagundidwe ka mtima chojambulidwa pa pepala, anaijambula m'kachipinda kena pomwepo. Amamata timawaya 10, pachifuwa 6 ndipo m'manja ndi m'miyendo 4, sipakhala ululu uliwonse, ndipo pepala limatuluka m'mphindi zochepa. Dokotala wogonetsa anayala pepalalo patebulo n'kutilozera ndi cholembera. Anati mwa munthu amene mtima wake uli bwino, nsonga zitalizitali za pa pepalalo zimatalikirana mofanana, ndipo nsonga iliyonse isanabwere pamakhala kafunde kakang'ono kosonyeza kuti zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima zafinya magazi. Pa pepala la bambo kafundeko kanalibe, panali mzere wongonjenjemera, ndipo nsongazo zinali zina zothithikana zina zotalikirana. Matendawa ndi atrial fibrillation, ndipo mtima unkagunda ka 128 pa mphindi, pamene munthu wamkulu akakhala pansi uyenera kugunda pakati pa ka 60 ndi ka 100. Powafotokozera bambo, dokotala anati zili ngati gule amene oimba ng'oma ake aliyense akuimba yakeyake, ndiye ovina akungoponda osadziwa kuti atsate ng'oma iti. Vutoli ndi lofala kwambiri pakati pa mavuto okhalitsa a kagundidwe ka mtima, limakonda anthu achikulire ndi amene ali ndi BP kapena shuga, ndipo ambiri amakhala nalo osadziwa. Kuopsa kwake kwakukulu n'kwakuti magazi akamachedwa m'zipinda zam'mwambazo amatha kuundana, kachidutswa n'kuthawira ku ubongo, moti mwayi wodwala sitiroko umakwera pafupifupi ka 5 poyerekeza ndi munthu amene alibe vutoli.

Chimene ndikuyamikira koposa zonse ndi chakuti dokotalayo analimba mtima n'kuimitsa opaleshoni, ngakhale tsiku linali litalembedwa kale ndipo ndalama ya chiyambi inali italipiridwa. Bambo sanakondwe nazo. Anati, "Adokotala, ine ndabwera ndi chotupa. Mtimawu sunandipwetekepo, ndipo ndimalima nawo chaka ndi chaka." Dokotala anakokera mpando pafupi n'kuyankha kuti, "Bambo, chotupa chanu chikubwerera mkati mukagona, ndiye chikhoza kudikira. Koma mtima umene ukuthamanga chonchi muli chikhalire ulibe pothawira tikakugonetsani." Anafotokoza kuti mankhwala ogonetsa komanso jakisoni wa pamsana amatsitsa BP, ndipo kutaya magazi, ululu ndi mantha zimathamangitsa mtima, pamene mtima wothamanga kwambiri sukhala ndi nthawi yodzaza magazi usanafinye, ndiye umapopa ochepa pa nthawi imene thupi likufuna ambiri. Sanaiwalenso kuti kudikira kuli ndi ngozi yake. Anatichenjeza kuti chotupacho chikalimba mwadzidzidzi, kukana kubwerera mkati, n'kuyamba kupweteka kwambiri ndi kusanzitsa, tithamangire kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, chifukwa pamenepo matumbo amakhala atakanirira ndipo opaleshoni imachitika mtima uli mmene ulilimo. Anatiuzanso zizindikiro za sitiroko: kupindika kwa pakamwa, kulefuka kwa dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi, ndi kulephera kulankhula bwino.

Chachiwiri chimene chinandisangalatsa n'chakuti sanathamangire kupereka mapiritsi ochepetsa liwiro la mtima asanafufuze chimene chikuuthamangitsa. Anatenga magazi kuti aone kuchuluka kwake, kagwiridwe ka ntchito ka impso, michere ya m'thupi ndi chithokomiro, popeza kuchepa kwa magazi, matenda a m'thupi kapena chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyezo zingathe kuyambitsa kapena kukulitsa vutoli. Zonse zinatuluka bwino kupatula mchere wa potassium, umene unali pa 3.1 pamene uyenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Woganiziridwa anali hydrochlorothiazide, mankhwala a BP amene amakodzetsa ndipo amataya mcherewu mu mkodzo. Anawasiyitsa mankhwalawo, kuwapatsa mapiritsi a potassium, n'kulamula kuti magazi adzayezedwenso. Sikani ya mtima, imene amaitcha echo, inali yofuna kuona mphamvu ya mtima komanso mavalavu ake, amene amatseguka ndi kutseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Kuno kwathu sikani imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa anthu ambiri anawonongeka mavalavu ali ana kaamba ka rheumatic fever, matenda otsatira zilonda zapakhosi zimene sizinalandire mankhwala, ndipo valavu yothina imasintha dongosolo lonse la chithandizo. Mavalavu a bambo anapezeka kuti ali bwino.

Pochepetsa liwiro la mtima anawayambitsa atenolol pa mlingo wochepa, n'kuwauza kuti abwerenso kuti aone mmene thupi lawalandirira. Wina angafunse kuti bwanji osangowapatsa mankhwalawa m'mawa wa tsiku la opaleshoni kuti zinthu zifulumire. Kafukufuku wamkulu wotchedwa POISE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008 atatsatira odwala oposa 8,000, anasonyeza kuti kuyambitsa mankhwala a gulu limeneli, a metoprolol, maola ochepa opaleshoni isanachitike kunachepetsadi kuwonongeka kwa minofu ya mtima, koma kunachulukitsa sitiroko ndi imfa. Ndicho chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito amawayambitsa kudakali nthawi, ndipo munthu amene amamwa kale mankhwalawa sayenera kuwasiya mwadzidzidzi, ngakhale pa tsiku lenileni la opaleshoni. Zoti mtima aubweze m'kagundidwe kake ndi magetsi sanaziganizire pa nthawiyo, popeza panalibe wodziwa kuti vutoli linayamba liti, ndipo kuchita zimenezi munthu asanamwe mankhwala oletsa kuundana kwa magazi kwa masabata osachepera 3 kungathe kukankhira ku ubongo magazi oundana kale.

Pa nkhani ya mankhwala oletsa kuundana kwa magazi ndi pamene dokotala anatenga nthawi yaitali, ndipo ndikuona kuti anachita bwino kutero. Anawerenga pamaso pathu mlingo wa ngozi ya sitiroko umene amautcha CHA2DS2-VASc: mfundo imodzi chifukwa cha BP, ina chifukwa cha shuga, ina chifukwa zaka zawo zili pakati pa 65 ndi 74, zonse pamodzi 3, nambala imene kwa mwamuna ikutanthauza kuti mankhwalawa akufunika. Anatiikira patsogolo njira ziwiri. Rivaroxaban ndi anzake, amene ndi mankhwala atsopano, safuna kuyezetsa magazi pafupipafupi ndipo amachoka msanga m'thupi, moti nthawi zambiri amangosiyidwa tsiku limodzi kapena masiku 2 opaleshoni isanachitike, koma mtengo wake pa famase ndi wolemera kwa munthu amene adzawamwe moyo wake wonse. Warfarin ndi wotsika mtengo, koma amafuna kuti magazi aziyezedwa kawirikawiri kuti nambala ya INR, yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana, ikhale pakati pa 2 ndi 3. Anatiuza poyera kuti valavu ya mitral, ya kumanzere kwa mtima, ikanapezeka yothina chifukwa cha rheumatic fever, sipakanakhala kusankha, akanapereka warfarin basi, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022, amene anachitika mwa odwala oposa 4,500 a ku Africa, Asia ndi Latin America ndipo anapeza kuti pa odwala otere imfa zinali zochepa mwa omwa mankhwala a gulu la warfarin kusiyana ndi omwa rivaroxaban. Ife tinasankha warfarin poyang'ana thumba lathu, ndipo dokotala sanatichititse manyazi pa chisankhocho.

Malangizo a kadyedwe anali a munthu wodziwa mmene timakhalira. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K, amene amachepetsa mphamvu ya warfarin, ndipo bambo atangomva zimenezi anaganiza kuti akuwaletsa ndiwo zamasamba. Dokotala anati ayi, azidya ndithu nkhwani, bonongwe, mpiru ndi chisoso monga mwa nthawi zonse, koma asasinthe kadyedwe modzidzimutsa, ndipo nyengo ikasintha, monga mvula ikagwa masamba n'kuchuluka pakhomo, akayezetse INR. Brufen, diclofenac ndi aspirin anawaletsa chifukwa amaonjezera ngozi yotaya magazi, nati mawondo akawawa azimwa Panado. Anatsindikanso kuti kulikonse kumene angapite azinena kuti ali pa warfarin, chifukwa Bactrim ndi Flagyl, amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu, amakweza INR mpaka munthu kutuluka magazi, pamene rifampicin wa m'mankhwala a TB amaitsitsa.

Mtima utatsika kufika pa kugunda kosapitirira 90 pa mphindi, potassium atabwerera m'malo mwake, tinakonza za opaleshoni. Dongosolo linali lakuti warfarin asiyidwe masiku 5 tsikulo lisanafike, INR iyezedwe kutatsala tsiku limodzi, ndipo ikhale itatsika pansi pa 1.5. Izi zinali zofunika kwambiri popeza anasankha kuwachita dzanzi ndi jakisoni wa pamsana, ndipo magazi akatuluka n'kuundana pafupi ndi mtsempha wa msana munthu akhoza kufa miyendo. Ndinafunsa ngati m'masiku amenewo safunika jakisoni wa heparin, mankhwala ena oletsa kuundana kwa magazi, kuti awateteze ku sitiroko. Dokotala anati kwa bambo sakufunika, ndipo pamenepanso anali m'njira yoyenera: kafukufuku wa BRIDGE wa mu 2015, wa odwala 1,884, anapeza kuti kwa odwala atrial fibrillation ambiri kubaya heparin pa nthawi imeneyi sikunachepetse sitiroko, koma kutaya magazi kwakukulu kunachitika mwa anthu pafupifupi 3 pa 100 alionse obayidwa, poyerekeza ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse osabayidwa. Anaonjezera kuti nkhani imasintha kwa munthu amene ali ndi valavu yachitsulo kapena amene wangodwala kumene sitiroko, choncho wina asatengere dongosolo la bambo anga n'kuliyesa lake.

Zodandaula zanga zikuyambira pomwepa. Malangizo onsewa, abwino chonchi, anaperekedwa pakamwa, ndipo chimene chinalembedwa m'buku la kuchipatala chinali mizere yochepa ya Chingerezi chachidule imene wa zachipatala yekha angaiwerenge. Panalibe pepala la Chichewa lonena kuti tsiku lakutilakuti musiye piritsi lakuti, tsiku lakutilakuti mukayezetse magazi, m'mawa wa opaleshoni mumwe awa ndipo awa musamwe. Ndinachita kulemba ndekha pa kalendala ya kunyumba, ndipo ndimadzifunsa kuti nkhalamba yobwera yokha, kapena yoperekezedwa ndi mdzukulu wamng'ono, ingatuluke ndi chiyani m'chipinda chija. Choopsa kwambiri chinachitika pamene ofesi yolemba masiku a opaleshoni inaimbira bambo foni kuti wodwala wina wasintha maganizo, ndiye malo apezeka msanga. Bambo anavomera ndi chimwemwe, koma tsiku limene anapatsidwalo linali losakwana masiku 5, ndipo usiku wapitawo anali atamwa warfarin. Woimba foniyo analibe mlandu, chifukwa pa kaundula wake panalibe chilichonse chosonyeza kuti wodwalayu ali pa mankhwala otere. Nditaimbira kiliniki anakonza msanga n'kupepesa, koma kiliniki imene ntchito yake ndi kuteteza wodwala siyenera kudalira kuti gadiyani akhala tcheru. Ofesi ya dokotala wa opaleshoni, ofesi yolemba masiku ndi kiliniki ya ogonetsa zili pansi pa denga limodzi, ndipo n'zosamveka kuti uthenga wofunika chonchi uziyenda m'thumba la wodwala.

Pa ndalama napo pakufunika kukonza. Palibe amene anatiuza pachiyambi kuti zonse pamodzi zingafike pati. ECG, magazi a mtundu uliwonse, sikani ndi kuonana ndi dokotala, chilichonse chinali ndi lisiti lakelake, ndipo munthu umangobwererabwerera pa windo la kashiya, bambo wokalamba ali pa benchi kudikira. Sikani ndiyo inali yodula koposa, ndipo imachitika pa masiku osankhidwa okha chifukwa madokotala a mtima ndi ochepa m'dziko muno, choncho amene akuchokera kutali afunse kaye pa foni asanakwere minibasi. Kuyeza INR kunali mtolo wina, popeza chipatala chakufupi ndi kwathu sichiyeza, ndipo pamene munthu wangoyamba warfarin magazi amayezedwa pafupipafupi. Dokotala anatiuza mtengo wa mapiritsi, koma sanatithandize kuwerengera ndalama ya thiransipoti ndi ya labu, imene ikaphatikizidwa imachepetsa kusiyana kwa warfarin ndi mankhwala atsopano aja. Banja lililonse liyenera kuwerenga zimenezi lisanasankhe.

Tsiku la opaleshoni linayenda monga mmene anakonzera. INR inali pa 1.2. Bambo anasiya kudya kutatsala maola 6 ndipo madzi analoledwa mpaka kutatsala maola 2, atenolol ndi amlodipine anamwa m'mawa ndi madzi pang'ono, metformin anadumpha. Dokotala yemwe uja anabwera mu wodi asanawatenge, anawagwiranso mtsempha, n'kuonanso potassium. Atatuluka ku fiyeta anakhala pa makina oonetsa kugunda kwa mtima kwa maola angapo, ndipo anesi ankaona ululu, madzi a m'diripi ndi bala mosatopa. Warfarin anayambiranso tsiku lotsatira dokotala wa opaleshoni atatsimikiza kuti bala silikutuluka magazi.

Kalata yotulutsira bambo m'chipatala inanena za kusamala bala, tsiku lodzachotsa ulusi ndi kupewa kunyamula zolemera, koma sinatchule kuti INR aiyezenso liti, ndani adzasinthe mlingo wa warfarin, kapena ndani adzaonenso atenolol ndi BP popeza hydrochlorothiazide anachotsedwa. Warfarin akayambiranso amatenga masiku angapo kuti agwire bwino ntchito, ndipo imeneyi ndi nthawi imene wodwala amafunika diso. Nditafunsa ku kiliniki anandiyankha mwaulemu kuti ntchito yawo imathera pa opaleshoni. M'dongosolo lawo zingakhale zoona, koma iwo ndi amene anapeza matendawa n'kuyambitsa mankhwala, ndipo kalata ya ndime imodzi yotumiza wodwala kwa dokotala wa matenda a akuluakulu sikanawatengera nthawi. Tinachita kufunafuna tokha kiliniki ina imene ikuwatsatira pano.

Ndingalimbikitse kilinikiyi kwa aliyense wa zaka 65 kapena kuposerapo, kwa amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mavalavu, kwa amene amamva mtima ukudumphadumpha kapena anakomokapo popanda chifukwa, komanso kwa amene ali ndi pacemaker, kachipangizo koikidwa pachifuwa kowongolera kugunda kwa mtima, popeza makina owotchera mitsempha ku fiyeta angathe kusokoneza kachipangizoko ngati ogonetsa sanadziwiretu. Amene sangakwanitse kulipira asaganize kuti chisamaliro chotere n'cha olemera okha, chifukwa m'zipatala zazikulu za boma, monga cha Gulupu ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ogonetsa amaonanso wodwala asanalowe ku fiyeta, ndipo gadiyani ali ndi ufulu wopempha kuti mtsempha ugwiridwe ndi dzanja komanso kuti ECG ijambulidwe ngati kugunda kukumveka kosalongosoka. Popita ku kiliniki imene ndafotokozayi, tengani mankhwala onse m'mapaketi ake, buku la kuchipatala ndi mapepala a ECG akale ngati alipo. Musanatuluke m'chipinda cha dokotala, pemphani kuti akulembereni masiku enieni osiyira ndi oyambiranso mankhwala alionse, nambala ya foni yoti muimbe tsiku la opaleshoni likasintha, ndi dzina la kiliniki imene idzayeze INR wodwala akatuluka.